Tsiku Limene Tinayanika Malasha Ngati Mpunga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha Lachisanu. Anthu amaseka ndikanena choncho, koma ndi mmene zinakhalira.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ganyu yoyanika mpunga pa chigayo cha bungwe la alimi, m'mbali mwa msewu wa M5, pakati pa Boma ndi Liwaladzi. Tinalipo amayi angapo. M'mawa tinkakhuthula matumba pabwalo la simenti n'kumaupalasa mpungawo ndi mareki kuti uume bwino, madzulo n'kuwolera. Chigayo chathu chinali chosiyana ndi zinzake. Magetsi akathima, zigayo zonse za m'deralo zinkangoti zii, koma chathu chinkalirabe. Kuseri kwake kunali boila yakale ndi injini ya nthunzi, zimene bungwe linagula ku esiteti ina ya tiyi. Boila inkadya malasha ochokera kumpoto, nthunzi n'kuzunguza injini, injini n'kuzunguza jenereta. Anali magetsi athuathu, opangira pakhomo, ndipo tinkanyada nawo.

Mkulu woyang'anira boila anali a Msiska, bambo wamfupi wa ku Rumphi amene anakulira m'migodi ya malasha. Chifuwa chawo chinkamveka munthu usanawaone. Vuto lawo linali limodzi. Osonkha moto awo onse awiri anali Asilamu, ndipo Lachisanu masana ankasamba, kuvala makanzu, ulendo wa kumzikiti. Moto wa boila sudikira swala. A Msiska ankatsala okha, kusonkha okha, kuyang'ana madzi okha. Inenso ndine Msilamu ndithu, koma ife amayi sitikakamizidwa kupita ku swala ya Lachisanu, timaswalira pakhomo.

Lachisanu lina ndinapita kuseriko kukamwa madzi pampope, ndipo ndinawapeza atakhala pa wilibala akutsokomola, chitseko cha moto chili chotsegula. Sindinapemphe. Ndinangotola fosholo, kutapa malasha, n'kuponya mkati. Iwo anandiyang'ana, napukuta pakamwa.

"Ponyaninso," anatero.

Ndinaponyanso.

"Mukumwaza ngati mukuyanika mpunga. Anzanuwa amangounjika pakhomo. Dzina ndani?"

"Zainabu."

"Lolemba mubwere ndi nsapato zotseka."

Kunyumba nkhaniyi inavuta. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandilera ndi amalume anga, a Saidi, mlimi wa mpunga wodziwika, membala wa komiti ya bungwe lomwelo. Munthu wa ulemu wake, woti akamayankhula ana amasiya kutafuna. Anati, "Mwana wamkazi kumada bii ngati makaniki, anthu ati chiyani?" Ndinawayankha kuti anthuwo sandigulira sopo. Pamapeto pake anati ndipite, bola mpango usachoke kumutu. Ndinkaupisa mkati mwa ovolosi kuti moto usaunyambite.

A Msiska sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. Choyamba anandiimika patsogolo pa galasi la madzi, kachubu koonekera kamene kamasonyeza kuchuluka kwa madzi mu boila. Anati maso anga azikhala pamenepo kuposa pa geji ya nthunzi, chifukwa nthunzi ikachepa chigayo chimangoima, koma madzi akachepa boila imaphulika. Ndinaphunzira kutsegula kampope kapansi kuti galasilo litsukike, lisamandinamize. Ndinaphunzira kumwaza malasha mopyapyala pa zitsulo zoyalira moto, kuyambira kumbuyo kubwera kutsogolo, osasiya dzenje poti mphepo yozizira ingalowere. Ndinaphunzira kuswa kilinka, phulusa losungunuka limene limauma n'kukhala zibuma zotseka mpweya, pogwiritsa ntchito chitsulo chachitali chokhota kumapeto. Utsi wa pa chumuni unali mboni yanga. Ukatuluka wakuda, a Msiska ankangoloza ndi mlomo, ine n'kudziwa kuti ndadyetsa moto mopitirira.

Ntchitoyo inali yowawa, ndisaname. Mwezi wa Okutobala kunyanja kuno kumatentha kale, ndiye muwonjezere khomo la boila. Thukuta linkayenda mpaka m'nsapato. Zikhatho zinatuluka matuza, matuza anaphulika, kenako zinalimba. Ndikamina, zotuluka zinali zakuda. Koma tsiku limene magetsi anathima dera lonse, anthu n'kumabwera ndi mafoni awo kudzatchaja kwa ife, ndinkayenda ngati boila ndi ya bambo anga.

M'chipindamo tinali ndi kawailesi. Nthawi zambiri kankakamba zoti dziko lathu likufuna kumanga malo aakulu opangira magetsi ndi malasha, ndiponso zoti maiko olemera sakufunanso kuthandiza ntchito zotere chifukwa utsi ukuononga nyengo. Yusufu, wamkulu mwa osonkha moto aja, ankapsa mtima nazo. "Iwo analemera ndi utsi womwewu, ife akuti tikhale mumdima!" Ine ndinkamuvomereza mokweza. A Msiska okha ankangopukusa mutu. Tsiku lina anati, "Malasha anandiphunzitsira ana. Malasha omwewo anandidya mapapo. Zonse ziwiri n'zoona." Atatero anapita kukathira mafuta pa injini.

Panali lamulo lawo limodzi limene ndinkaliona ngati mwambo chabe wa anthu a kumigodi. Mulu wa malasha usapitirire pachifuwa pa munthu, ndipo ukhale panja, patali ndi nyumba. M'muluwo ankabayamo chitsulo chachitali cha konkire n'kuchisiya. M'mawa uliwonse ankachizula n'kuchikhudza ndi kuseri kwa dzanja. Ndinafunsa chifukwa chake. Anati malasha akaunjikidwa kwambiri, makamaka atanyowa, amatentha okha mkati mpaka kuyaka popanda wowayatsa. Ndinaseka. Mwala kuyaka wokha? Koma ntchito yozula chitsuloyo anandipatsa ine, ndipo ndinaizolowera.

Dzinja litayandikira, bungwe linaitanitsa malasha ambiri nthawi imodzi, poti mvula ikayamba misewu ya kumigodi imavuta. Malole anakhuthula, mulu unatalika pabwalo lakuseri. Sabata yomweyo a Msiska analandira uthenga wa maliro a mkulu wawo, napita ku Rumphi. Kumeneko chifuwa chija chinawagwira, anagonekedwa m'chipatala. Ndiye mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, malasha onse ananyowa.

Apa mumvetse mmene ife alimi a mpunga tilili. Kwathu kuno chinthu chogula ndi ndalama sichigona pamvula. Mtambo ukangoda, aliyense amathamanga, wina ndi thumba, wina ndi lona, ngakhale mpungawo ukhale wa munthu amene simuyankhulana. Choncho mamembala a bungwe ataona malasha awo akunyowa, mitima inawawa. Anabwera mwa unyinji wawo, amuna ndi amayi, ndi mabeseni ndi mawilibala, akuimba. Anatuta malasha onse n'kuwalowetsa mu shedi yogundana ndi nyumba yosungiramo mpunga. Malo anali ochepa, ndiye anaunjika mpaka kufika ku mitengo ya denga. Pamwamba anafunditsa lona, m'mbali n'kutsendereza ndi miyala, bwinobwino ngati mmene timasamalira zokolola. Anachita zimenezi ndi mtima wabwino, popanda wowalipira.

Ndinapita kwa amalume n'kuwauza chapansipansi kuti a Msiska amati mulu usapitirire pachifuwa. Anaseka. "A Msiska akabwera adzatithokoza. Iwe wayamba dzulodzuloli." Yusufu nayenso anati malasha ouma ndiwo amayaka bwino. Ndinalibe mphamvu zogwetsa zimene komiti yamanga. Chimene ndinachita n'kutenga chitsulo chija, kuboola lona pang'ono chakumunsi, n'kuchibaya mpaka mkati.

Kuseri kwa khoma limene muluwo unatsamira kunali mpunga wa chaka chonse wa mabanja ambirimbiri. Alimi ankausunga kudikira kuti mitengo ikwere m'dzinja. Fizi za ana zinali mmenemo, feteleza, malata, ngakhale maukwati. Khomalo linali la njerwa kufika m'mapewa, pamwamba pake matabwa, ndipo denga la shedi ndi la nyumbayo linali limodzi.

Masiku oyamba chitsulo chinkatuluka chozizira. Kenako chofunda. Ndinamuuza Yusufu, iye anati ndi kutentha kwa malata. Ndinayesa kuimbira a Msiska, foni yawo sinkapezeka. Chitsulo chinapitiriza kufunda, ine mtima osakhazikika.

Lachisanu linafika. Amuna anapita kumzikiti, ine ndinatsala ndekha ndi boila, amayi anzanga akale ali pabwalo ndi mareki awo. Ndikutuluka ndi wilibala ya phulusa, ndinamva fungo ngati la machesi ongoyatsa kumene. Ndinalowa mu shedi. Lona inali itafewa, ikuchita thukuta, ndipo mutu unayamba kundilemera pomwepo. Ndinagwira chitsulo kuti ndizule, chinandiwotcha, ndinachisiya ndikukuwa. Ndinachikoka ndi chiguduli, n'kulavulira kunsonga kwake. Malovu anangoti tswee, n'kuuma. Subhanallah! Mwala uja unali utayaka wokha.

Mantha ndinali nawo, koma manja ankadziwa chochita. Ndinathamangira ku boila, chifukwa simungasiye moto wina osauyang'anira n'kumakalimbana ndi unzake. Ndinaimitsa injini, ndinatseka chotsekera mphepo cha ku chumuni, ndinapopera madzi mpaka galasi linakwera, moto ndinaukokera kutsogolo n'kuufotsera ndi phulusa. Kenako ndinaimbanso foni. Ulendo uno inalowa. Mawu a a Msiska anali ofooka, koma sanachedwe.

"Musathire madzi pamulu. Chotsani malata a m'mbali, mpweya wake umapha. Gumulani kuyambira m'mphepete, mukayale panja mopyapyala. Madzi muthire ali panja. Mwamva, mwana wane?"

"Ndamva."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

Ndinatuluka n'kukuwira amayi aja. A Nabanda, mkulu wathu wa pabwalo, sanafunse zambiri. Anati mpunga wonse uwoleredwe, bwalo likhale poyera, natuma mayi wina wa liwiro kumzikiti. Ife ena tinayamba kukanula malata a m'mbali mwa shedi ndi zitsulo za ku boila. Titangokoka lona, utsi wachikasu unatuluka, tonse tinabwerera m'mbuyo tikutsokomola.

Posakhalitsa ndinaona amuna akubwera chothamanga, makanzu oyera mbee akuuluka, aliyense ndi ndowa. Ena anali atayamba kale kupanga mzere wopatsirana madzi kuchokera pa thanki ya pachigayo. Kutsogolo kunali amalume. Munthu akamva kuti moto, amaganiza madzi, ndipo sindingawanene. Koma ndinkadziwa kuti madzi a ndowa safika pamtima pa mulu wotere. Amangosanduka nthunzi yowotcha, amatsegula ming'alu yolowera mphepo, otsalawo n'kuyenderera pansi pa khoma kukanyowetsa matumba. Ndinaima pakhomo pa shedi, fosholo nditaipingasa.

"Choka, Zainabu!"

"Amalume, madzi ayi. A Msiska akuti…"

"A Msiska ali ku Rumphi, mpunga uli pano! Choka!"

Anakhuthula ndowa modutsa paphewa panga. Muluwo unabangula. Nthunzi yosakanikirana ndi fumbi lakuda inatiwomba tonse, ine inandipeza pamkono, kuyambira pachigongono kutsika. Ululu wake sindingaufotokoze. Nditatsegula maso ndinaona amalume akulandira ndowa yachiwiri. Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinawalanda ndowayo m'manja n'kuiponyera kutali, inakagwa ikulira pamaso pa ashehe ndi akuluakulu onse.

"Mukufuna kuphika mpunga wa anthu? Aliyense aike ndowa pansi! Amene ali ndi manja atenge fosholo!"

Mzere wa ndowa unaima. Ine, mwana amene anandilera, kuwalanda chinthu m'manja pagulu! Nkhope ya amalume sindidzaiiwala. Oyamba kuyankhula anali a Nabanda. Anati, "Abambo inu, mwamva. Tutani, mutibweretsere pabwalo. Kuyanika ndi ntchito yathu."

Yusufu anali woyamba kuvula kanzu n'kutola fosholo. Ena anatsatira. Ndinawagawa. Gulu lina linalowa m'nyumba ya mpunga kukachotsa matumba ogundana ndi khoma. Gulu lina linkagumula mulu kuyambira m'mphepete, kuchotsa malasha ozizira kaye, ndipo ndinkawasinthanitsa pafupipafupi kuti wina asakomoke ndi mpweya uja. Mawilibala atachepa, tinkakoka malasha pa malata amene tinakanula aja. Pabwalo amayi ankawalandira ndi mareki, kuwamwaza mopyapyala, mizere yowongoka, monga ankachitira ndi mpunga tsiku lililonse. Pamenepo ndiye anthu a ndowa aja anapeza ntchito, kuthira madzi pa malasha oyalidwa.

Tikuyandikira pakati, mafosholo anayamba kutentha m'manja. Kenako tinauona mtima wake, wofiira psuu, waukulu ngati ng'anjo ya njerwa, utatsamira khoma lenilenilo. Mphepo itangoukhudza, malawi anadzuka n'kunyambita matabwa a pamwamba. Thabwa limodzi linagwira moto. Yusufu anakwera pa mapewa a mnzake n'kulikanula ndi chitsulo cha kilinka, linagwera panja likuyaka. Wofiirawo tinautapa pang'onopang'ono, fosholo imodzi imodzi, mpaka pansi panaoneka. Ndikutembenuka ndi wilibala ina, ndinapeza amene akuilandira ndi amalume, kanzu yawo ili bii. Sanandiyang'ane. Anangoigwira n'kumapita.

Nthawi ya swala ya Asiri, ya chakumadzulo, isanakwane, moto unali utatha. Palibe thumba ngakhale limodzi limene linapsa. Bwalo la simenti linang'ambika malo angapo, ndipo banga lakuda lilipo mpaka lero. Matumba a mzere wogundana ndi khoma okha ndiwo analowa utsi, moti ogula atabwera anawanunkhiza n'kuwakana. Ambiri mwa matumba amenewo anali a amalume, poti iwo ndiwo ankakhala oyamba kubweretsa zokolola.

A Msiska anabwerako patapita milungu, ataonda. Anazungulira bwalo, anayang'ana khoma, anayang'ana mkono wanga womangidwa bandeji. "Boila munaisiya bwanji?" Ndinawafotokozera. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Basi, ndinu fayamani." Mawu amenewo, otanthauza wosonkha moto weniweni, ndinayenda nawo sabata yonse.

Koma kunyumba kunali kozizira. Amalume anasiya kundiyankhula. Ndikawapatsa salamu ankayankha, poti salamu sakana, koma zinkathera pomwepo. Mayi anga ankandikakamiza kuti ndikagwade. Ndinapita, ndinagwada, ndinati pepani chifukwa cha ndowa ija ndi pagulu paja. Koma zoti ndinalakwa kuletsa madzi, ayi, zimenezo sindinanene, ndipo sindidzanena. Iwo anangoti, "Ndamva." Zinandiwawa kwambiri, chifukwa munthu ameneyu ndiye bambo amene ndinkamudziwa.

Zinakhala choncho mpaka Idi. Tsiku limenelo banja lonse limadyera kwa amalume. Ine ndinakhala kumbali ndi amayi, ndikuganiza zongodya n'kunyamuka. Ndiye ndinamva akuitana, "Zainabu, bwera kuno." Anatenga mbale ya mpunga ndi manja awo n'kundipatsa, pamaso pa onse. Nditangoisendeza kukamwa, fungo la malasha linandilandira. Unali mpunga wa m'matumba okanidwa aja.

"Idya," anatero. "Ukununkha utsi, koma ulipo."

Ndinadya misozi ikugwera m'mbale.

Lero boila imeneyo ndimayang'anira ndine. A Msiska anapuma ntchito, anabwerera kwawo. Zinthu zasintha. Tinasintha zitsulo zoyalira moto kuti zizitha kuwotcha mankhusu a mpunga, amene kale tinkangowataya kuseri, ndipo padenga la ofesi pali masola. Malasha timagulabe, koma ochepa, a m'dzinja pamene mankhusu anyowa ndipo dzuwa labisala. Achinyamata obwera kudzaphunzira ntchito amakonda kundifunsa ngati malasha ali ndi tsogolo m'dziko ngati lathu. Ndimawauza mosabisa kuti wondiuza kuti tiwasiye lero lomwe ayambe wandionetsa chimene chizunguze chigayo mawa, chifukwa mdima ndimaudziwa ndipo sindiufuna. Koma wondiuza kuti malasha ndi chuma chongounjika, ameneyo ndimamupindira mkono wa ovolosi kuti aone chipsera. Ndi moto wogona, ndipo umalipiritsa m'mapapo ndi m'mlengalenga. Tiwagwiritse ntchito pamene tilibe pothawira, mulu uzicheperachepera chaka ndi chaka. Kuno tayamba kale kutero, ndipo chigayo sichinaime.

Mulu wathu sudutsa pachifuwa panga, ndipo ine si wamtali. Uli panja, patali ndi khoma, chitsulo chili chobaya pakati. Amalume akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo, koma akabwera kudzaona mpunga wawo salowera ku ofesi. Amapita kaye kuseri, amazula chitsulo chija okha, n'kuchikhudza ndi kuseri kwa dzanja. "Chazizira, Zainabu," amatero. Akatero ndiye amandifunsa mmene ndadzukira.